Funso lanu la Vietnam landibwezera ku Lizulu

Achimwene, imelo yanu yakhala masiku asanu ndisanaiyankhe. Mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti alimi a mpunga a ku Vietnam agonjetse dziko la America, komanso ngati m'nkhani imene mukulemba kusukuluyo n'koyenera kutchula zigawenga za Viet Cong kuti ngwazi. Ndachedwa chifukwa funsoli landigunda pachilonda.

Ine ndinakulira kufupi ndi Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, kutsidya Mozambique. Cha m'ma 1987, ndili kupulaimale, anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anayamba kuwoloka msewuwo ali piringupiringu, mitolo pamutu, ana kumsana, ena mbuzi pachingwe. Mayi anga anapereka khitchini yathu kwa mayi wina wa ku Angonia ndi ana ake atatu. Chilankhulo chathu chinali chimodzi, choncho zimene ankakambirana pamoto ndinkazimva zonse, ngakhale ankayesa kuti ndagona. Mayiyo ankati usiku kumabwera zigawenga za Renamo kudzafuna ufa ndi anthu owanyamulira katundu. Kukacha, asilikali a boma amafika n'kufunsa kuti ufa wapita kuti, ndipo wawapatsa ndani. Amuna awo anatengedwa kukanyamula katundu ndipo sanabwerenso. Pa zaka zonse zimene anakhala nafe, sindinawamvepo akuyamikira mbali ina iliyonse.

Patapita zaka, ife anyamata tinkasunga timatambala kuti tikaonere mafilimu a nkhondo ya Vietnam ku video show. Tinkakuwa ndi chisangalalo msilikali wa ku America akamapulula anthu ovala zakuda ndi zipewa zosongoka. Nditafika kusekondale n'kuyamba kuwerenga za atsamunda, ndinatembenuka, n'kumachemerera a Viet Cong. Maulendo onse awiriwo sindinkaona munthu wofanana ndi mayi wa m'khitchini mwathu uja, chonsecho ku South Vietnam anthu otere anali mamiliyoni.

Nkhaniyi imayambira pa Afalansa, amene anali atsamunda ku Vietnam. Asilikali a Ho Chi Minh, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa dzikolo, motsogozedwa ndi Vo Nguyen Giap, anagonjetsa France ku Dien Bien Phu pa 7 Meyi 1954. Anakoka mizinga ndi manja kukwera nayo mapiri, chakudya akubweretsa panjinga za kapalasa. Pamsonkhano wa ku Geneva chaka chomwecho, dziko la Vietnam linadulidwa pawiri mongoyembekezera, kumpoto kwa Ho Chi Minh ndi kumwera, ndipo kunayenera kuchitika chisankho cholilumikizanso mu 1956. Chisankhocho sichinachitike. Ngo Dinh Diem, mtsogoleri wa kumwera amene America inkamuthandiza, anachikana, ndipo ambiri ankayembekezera kuti Ho Chi Minh ndiye akanapambana. Apa ine sindizungulira: nkhondo yonse yotsatirayo inamera pa chisankho chokanidwachi. Mu Disembala 1960 kumwerako kunabadwa gulu lolimbana ndi boma la Diem la National Liberation Front, lomwe adani ake ankalitcha Viet Cong.

Chigawenga chimadalira mudzi pa chilichonse: mpunga, uthenga, pobisala, anyamata atsopano. Boma la Diem linadziwa zimenezi, ndiye kuyambira 1962 linayamba kusamutsa alimi kuwaika m'midzi yotchingidwa ndi waya waminga ndi nsungwi zosongola. Taganizani, achimwene, munthu kumuchotsa pamunda pake ndi pamanda a makolo ake, kenako n'kumulamula kuti akumbe yekha ngalande yomutsekera. Mlimi wa ku Vietnam amalemekeza manda a makolo kwambiri. Ambiri amene analibe nazo ntchito ndale anayamba kudana ndi boma chifukwa cha zimenezi. Diem anaphedwa mu Novembala 1963 pamene akuluakulu a asilikali ake analanda boma, America ikudziwa za chiwembu cholanda bomacho. Kenako mu Ogasiti 1964 America inati a kumpoto aukira sitima zake zankhondo panyanja ku Gulf of Tonkin, ndipo mu Malichi 1965 asilikali a America anatsikira ku Da Nang. Pofika 1968 anali atapitirira 500,000. South Korea, Australia ndi Thailand anatumizanso awo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene ankayezera kupambana. Popeza panalibe mzere wa nkhondo woti n'kuusuntha pamapu, akuluakulu a asilikali a America monga William Westmoreland ankawerenga mitembo. Msilikali akamayamikiridwa chifukwa cha chiwerengero cha akufa, mlimi wothawa helikopita amasanduka chigawenga pa lipoti. Ku My Lai, pa 16 Malichi 1968, asilikali a America anapha anthu wamba, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Boma la Vietnam limati anali 504. Nkhalango ndi minda zinathiridwa mankhwala opha zomera otchedwa Agent Orange, ndipo mpaka lero kuli mabanja amene akuvutika nawo.

Koma mawu akuti ngwazi ndikuwakana, ngakhale ndanena zonsezi. A Viet Cong ankapha mafumu a m'midzi, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma pofuna kuopseza anthu. Ankatolera msonkho wa mpunga ndi mfuti m'manja. Atalanda mzinda wa Hue kwa milungu ingapo mu 1968, pambuyo pake kunapezeka maenje okhala ndi mitembo pafupifupi 2,800. Kulimba mtima kwawo sindikukana. Munthu wokhala miyezi m'mauna a ku Cu Chi, amene anakumbidwa ndi timakasu mtunda wopitirira makilomita 200, momwe munali zipatala ndi makhitchini, mabomba akugwa pamwamba, ndi wolimba ndithu. Koma mayi amene anamugogodera usiku analibe ufulu wokana. Anthu amene amakamba za nkhondo ya zigawenga mosilira, ndimaona kuti sanagonepo m'nyumba yoyembekezera kugogoda kotere. Ngakhale pa Facebook ndimawaona anyamata akulemba kuti dziko lakutilakuti likufunika kulowa m'tchire, ndipo mtima umandipweteka.

Tsono anapambana bwanji?

Choyamba chotsani maganizo akuti anali alimi okhaokha ndi misampha ya nsungwi. Kumbuyo kwawo kunali boma la North Vietnam ndi gulu lake lankhondo, zida zochokera ku Soviet Union, ndi China yomwe inatumiza asilikali ambiri okonza misewu ndi njanji ndi kuwombera ndege. Katundu ankatsika kumwera kudzera m'njira ya Ho Chi Minh, yodutsa ku Laos ndi Cambodia, imene America inaiphulitsa zaka zambiri osaitseka. Kulowerera kwa mayiko akunja kunali mbali zonse ziwiri. Nkhondo ya Tet, imene anaiyambitsa pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha ku Vietnam kumapeto kwa Januwale 1968, a Viet Cong anaigonja pabwalo ndipo anatha ambiri. Koma anthu a ku America, amene ankauzidwa kuti kupambana kwayandikira, anaona pa wailesi yakanema zigawenga zitalowa mumpanda wa ofesi ya kazembe wawo ku Saigon, likulu la South Vietnam, ndipo chikhulupiriro chinatha. A ku America anali ndi kwawo kobwerera, pomwe adani awowo anali kwawo komweko. Pangano la ku Paris linasainidwa mu Januwale 1973, asilikali a America anachoka, ndipo Saigon inagwa pa 30 Epulo 1975 m'manja mwa asilikali a kumpoto okwera akasinja. Pambuyo pake kunabwera ndende zotchedwa zophunzitsiranso anthu, ndi miyandamiyanda yothawa pa maboti.

M'nkhani yanuyo yambirani pa 1954 ndi 1956. Lembani kuti zigawenga zinatopetsa America, ndipo gulu lankhondo la kumpoto ndilo linamaliza. Mukatchula asilikali a America oposa 58,000 amene anafa, ikani pambali pake chiwerengero chimene boma la Vietnam linalengeza mu 1995: omenya nkhondo a mbali yake pafupifupi 1.1 miliyoni, ndi anthu wamba pafupifupi 2 miliyoni. My Lai ndi Hue muziike m'ndime imodzi. Mukamaliza munditumizire ndidzaiwerenge.