Kwa msuweni, za marauta ako a ku Zomba aja

Eee, moni nonse m'gulu muno. Iyi ndi ya iwe msuweni, enanu mutha kuidumpha, italika. Ndaona funso lako lija, loti ndi pulogalamu iti yaulere imene ungaike kuti uzilamulira marauta a WiFi yako ya ku mahositelo ku Zomba iwe uli ku Lilongwe. Hmm. Ndawerenga ndikuseka ndekha. Iwe dzina la pulogalamu ukanalipeza wekha pa Google. Chakutopetsa ndi mafoni a ana asukulu aja pakati pa usiku, "bwana vocha ikutha koma intaneti kulibe". Komanso... ndinene? Ndinena. Ukumukayikira mng'ono wathu unamusiya kumeneko uja, kuti amazula rauta n'kutchaja foni yake pa soketi yomweyo. Sunalembe chifukwa mayi ake ali m'gulu muno. Azakhali, mwaswera bwanji. Ine sindinanene kanthu.

Chabwino. Ukuchikumbuka chigayo cha amalume cha ku Ntcheu? Osati choyamba chija cha mlandu, ayi, chachiwiri, cha dizilo, kuseri kwa msika. Iwe unali mwana... ayi dikira, unali utayamba kale sekondale, si iwe unkabwera pa holide n'kumakana mgaiwa ati ukukupweteka m'mimba? Wa m'tauni iwe. Ndiye amalume atasamukira ku Balaka chifukwa cha zija tonse tikuzidziwa, chigayo anasiyira mnyamata. Poyamba ankakwera minibasi kukaona okha, phindu lonse n'kumathera kwa makondakitala. Atatopa anati mnyamatayo aziimba pakagwa vuto. Aaa, kuimba kwake kuti? Lamba waduka Lachiwiri, amalume akudzamva Loweruka, kwa amayi ena a ku tchalitchi amene anabwerera ndi chimanga chawo pamutu. Kumufunsa mnyamata, "bwana ndinalibe mayunitsi." Ulendo wina, "bwana foni inathima." Ulendo wina anangoopa, poti sefa anaiboola ndi iyeyo.

Mdala uja anagona nazo, m'mawa n'kudzuka ndi nzeru. Anamuuza kuti, iwe usadzaimbenso. Uzingofulasha. M'mawa ukaliza injini, masana, ndi madzulo potseka. Kufulasha sikudya mayunitsi, ndiye chonamizira palibe. Ndikapanda kuona nambala yako, ndidziwa kuti kwaipa, ndikubwera. Basi amalume tsiku ndi tsiku pakhonde, ka Nokia kaja komanga ndi labala kali pabondo, wailesi ili pambali. Azakhali akuitana kuti nsima ikuzizira, iwo, "tadikirani, Ntcheu sinafulashe." Mpaka ife ana tinayamba kumawafunsa m'malo mwa moni, amalume Ntcheu yafulasha? Tsiku lina mnyamata anangoiwala, anatengeka ndi mpira pa wailesi. Amalume anatulukira pa chigayo thukuta kamukamu, sipanala ili m'thumba la jekete, n'kupeza chigayo chikugaya bwinobwino, amayi ali pamzere. Anam'dula ya tsiku limenelo, komabe n'kudya naye nsima asanabwerere. Amalume ndi amalume.

Eee, ndinali pati... ee, pulogalamu. Usayambe ndi kulamulira, msuweni. Yamba ndi kudziwa kuti chathima, nthawi yanji, kwa mphindi zingati. Ndipo chokuuzacho chikhale kunja kwa hositelo. Ukaika kakompyuta koyang'anira m'nyumba momwemo, magetsi akathima nako kathima, uthenga utumiza ndani?

Ika Uptime Kuma. Ndi yaulere, siivuta, ndipo imatumiza uthenga pa Telegram. Uibwerekere kaseva kakang'ono pa intaneti, kaja amati VPS, madola ochepa pa mwezi. Anthu ambiri amayamba ndi ping, seva kumafunsa rauta kuti ulipo? Koma rauta yodalira simu khadi, ngakhale Starlink imene inafika kwathu mu 2023 ija, kawirikawiri sikhala ndi adiresi yakeyake ya IP yooneka kunja, adiresi imodzi mumagawana anthu ambiri. Ndiye ping yochokera kunja siifika. N'chifukwa chake usankhe mtundu umene mu Kuma amautcha Push. Imakupatsa linki, iwe n'kukaika mu Scheduler, mbali yoikira ntchito zodzichitikira zokha pa nthawi yake mu rauta yako ya MikroTik, kuti rauta iziitsegula linkiyo mphindi iliyonse. Rauta ndiyo izifulasha. Ikangokhala chete, foni yako ilira, usanaimbiridwe ndi mwana wa eni.

Ndiye taona kukoma kwake. Pakatha sabata, uyang'ane mu Kuma mizere yofiira, yoonetsa nthawi imene rauta inali chete. Marauta onse akagwa nthawi imodzi, ndi magetsi kapena kumene umagula intaneti, ngati ndi magetsi gula kabatire ka UPS. Koma imodzi yokha ikamagwa seveni koloko madzulo, ola limodzi ndendende, tsiku lililonse... hehe. Azakhali ndati sindinanene kanthu.

Zolowa mu rauta uli kutali zibwere pambuyo, ndipo apa mvetsera. Udzapeza mavidiyo okuuza kuti tsegula poti 8291, kakhomo ka pa rauta, kuti Winbox, pulogalamu yolamulira marauta a MikroTik, izilowa kuchokera kulikonse. Usayerekeze. Mu 2018 munapezeka chiboo mu Winbox, akuba ankatenga mapasiwedi kudzera pa poti yomweyo, marauta zikwizikwi padziko lonse anagwidwa. Kampani ya MikroTik, ya ku Riga ku Latvia, inatseka chiboocho chaka chomwecho, koma amene sanaike zatsopano anakhalabe pambalambanda. Marauta awo akale ankabweranso ndi dzina loti admin, pasiwedi palibe. Ngati yako ili choncho, siya voisi iyi, kasinthe kaye... ayi, uli ku Lilongwe, sungathe. Chabwino, ulendo ukubwerawu. Njira yabwino ndi WireGuard, kanjira kobisika kolumikizira makina awiri pa intaneti, ili kale mu RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa marauta a MikroTik. Rauta imalumikizana ndi kaseva kako kaja mobisa, iwe pa laputopu ulumikiza komweko, kenako Winbox n'kudutsa m'kati ngati uli pahositelo pomwepo. Kusintha mavocha, kuyambitsanso rauta, zonse.

Wina akuuza za pulogalamu ina yoyang'anira, Zabbix, ndikudziwa, achimwene a ku Blantyre alemba posachedwa. Ndi yabwino zedi, nayonso ya ku Riga, yaulere, koma kwa marauta atatu idzakudyera ma wikendi ako onse. Inanso, PRTG, ndi yaulere mpaka masensa 100, ndiye kuti zinthu 100 zoyang'anira, koma imafuna kompyuta ya Windows yosazima. Izo n'za mtsogolo, ukadzafuna kuona kuti hositelo iti ikudya bandulo kwambiri, kudzera mu SNMP, njira yofunsira rauta manambala ake. Ukadzafika pamenepo, mawu aja oti public amene amabwera kale uwasinthe, n'chimodzimodzi pasiwedi imene aliyense akuidziwa.

Ndiye mwezi woyambawu usakhudze kanthu, uzingoona. Rauta izifulasha ku seva ya kunja, iwe uzilandira uthenga ikasiya, basi. Ukhoza kupeza kuti mnyamata wa eni alibe mlandu, vuto ndi adaputala yotentha kapena waya wodyedwa ndi makoswe kudenga. Ukatero umugulire kenakake, wamuganizira zoipa.

Wandimva? Ndibwereze poti ndimakudziwa, ukhala wadumpha pakati. Choyamba kudziwa kuti yathima, ndipo wokuuza akhale kunja kwa nyumbayo. Kulamulira pambuyo, kudzera mu WireGuard, 8291 yotseka. Nditumizire chithunzi cha kapepala ka pansi pa rauta ndi nambala ya RouterOS imene ilimo, ndikulembere ka Scheduler kaja. Kumbali, osati m'gulu muno. Ndipo pasiwedi ikakhala pakapepalapo uiphimbe ndi chala, iwe ndiwe unatumiza chithunzi cha khadi la ku banki m'gulu la maliro.