Yankho kwa achimwene a ku Mufakose pa za magulu osiya mowa

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze gulu lokuthandizani kusiya mowa muno mu Harare, koma mukuopa kuti anthu akudziwani. Gulu la Alcoholics Anonymous, lija amangoti AA, lilipo muno. Lisakeni pa intaneti kapena funsani anamwino pa kiliniki ya khonsolo. Nthawi zambiri amakumana m'maholo a matchalitchi, ngakhale kuti si mpingo.

Kulowa n'kwaulere. Mumangotchula dzina loyamba, ndipo tsiku loyamba mukhoza kukhala kumbuyo phee, kumangomvera, palibe okukakamizani kulankhula. Mukakumana ndi mnansi wanu kumeneko, nayenso wabwera ndi vuto lomwelo, sangakuululeni. Zikakuvutanibe, kwerani kombi mukasonkhane kutauni. Chichewa musayembekezere, kumamveka Chingerezi ndi Chishona.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi chija mwanena, kuti m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutamwako kaye. Musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba! Thupi lozolowera mowa likhoza kuyamba kukomoka ngati khunyu, ena amafa nazo. Yambani mwaonana ndi dokotala, ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe. AA sapereka mankhwala.

Alamu athu nawonso ali ndi gulu lawo la achibale a anthu ovutika ndi mowa, Al-Anon.