Kodi Loya wa Koleji ya Boma Timutchule Chiyani?

Mayi wina wa ku Zomba, amene amagwira ntchito yomasulira, wandilembera motere: "Ndapatsidwa kabuku kofotokozera makolo maofesi a pa koleji ina ya boma kuti ndikamasulire m'Chichewa. Ndafika pa ofesi ya munthu amene pa Chingerezi amati legal counsel, ndipo mutu waima. Mnzanga wina akuti ndilembe 'loya wa boma', wina akuti 'woimira milandu', koma ine mtima ukuti 'phungu wa zamalamulo'. Cholondola n'chiti?"

Mayi, funso lanu landikomera kwambiri. Mayina atatu onsewo ndi Chichewa chomveka, palibe limene lingakuchititseni manyazi pagulu. Koma kabuku kanuko kakupita kwa makolo, ndipo kholo limawerenga dzina la ofesi kuti lidziwe khomo loti ligogode zinthu zikavuta. Ndiye tiyeni tiwayese mayinawa limodzilimodzi.

Limene ndikulikana kwamtuwagalu ndi "loya wa boma". Boma lili ndi wake kale. Gawo 98 la malamulo aakulu a dziko lino limati Attorney General ndiye mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndipo ndi mmene timamumvera pa wailesi tsiku ndi tsiku. Yunivesite ya boma si unduna ayi. Imakhazikitsidwa ndi lamulo lakelake lochokera ku Nyumba ya Malamulo, ili ndi khonsolo yake yoiyendetsa, imalemba antchito ake, imasaina migwirizano yake, ndipo ikasumiridwa, dzina limene limaoneka kawirikawiri pa zikalata za kukhoti ndi la khonsoloyo. Onani zimene zidachitika m'chaka cha 2021, pamene University of Malawi, imene idakhazikitsidwa mu 1964, idagawidwa patatu: Chancellor College idatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic idasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana n'kukhala KUHeS. Iliyonse idatuluka ndi lamulo lake ndi khonsolo yake. Zonsezo ndi "za boma" poti msonkho wathu umafikako, koma iliyonse imasenza milandu yake yokha.

Liwu loti "boma" limatiphimba m'maso chifukwa timalimata pa chilichonse. Ndipo ndisadutse osadandaula: ndatopa ndi aphunzitsi ena amene amauza ana kuti BOMA ndi zilembo zoyambirira za mawu a Chingerezi onena za ulamuliro wa atsamunda. Ndi nthano chabe imeneyo. Liwuli tidalitenga ku Chiswahili, kumene limatanthauza linga kapena mpanda wotetezera anthu ndi ziweto. Atsamunda ankamanga maofesi awo m'malinga otero, anthu n'kumati "ndikupita ku boma", mpaka dzina la mpanda lidasanduka dzina la olamula. N'chifukwa chake mpaka lero munthu wa ku Dedza akati ali "pa boma" amatanthauza malo, osati nduna.

Nanga "woimira milandu"? Limeneli ndi labwino, koma ndi lalifupi ngati bulangete la mwana: limafunda mutu, mapazi ali pamtunda. Kuimira munthu pamlandu ndi kuima m'malo mwake pabwalo, kumuyankhulira pamaso pa woweruza. (Ndipo chonde lembani "woimira", osati "woimirira". Woimirira ndi munthu amene wasowa mpando.) Koma ntchito yaikulu ya munthu wathuyu imachitika mlandu usanabadwe. Iye ndiye amawerenga kontirakiti ya kampani yomanga mahositelo koleji isanasaine. Amaona ngati mgwirizano wa kafukufuku ndi yunivesite ya kunja ukunena bwino mwini wa zotsatira zake. Mphunzitsi akafuna kuchotsedwa ntchito, iye amafunsa ngati adapatsidwa mpata woyankhapo, podziwa kuti nkhaniyo ingakathere ku khoti la zantchito. Wophunzira akagwidwa ndi likasa m'mayeso, iye amakumbutsa komiti yosungitsa mwambo za gawo 43 la malamulo aakulu a 1994, limene limati wolamula achite zinthu mwachilungamo ndiponso apereke zifukwa zake molemba. Mlandu ukafikadi kukhoti, nthawi zina koleji imakabwereka maloya a mtauni, iye n'kumangowasonkhanitsira mafayilo. Munthu wotere mungamutche woimira milandu basi?

Apa ndiye pamene Chichewa chathu chili ndi chuma chimene timachipondaponda. Tili ndi mneni "kulanga". Lero mukauza mwana kuti "ndikulanga", amathawa, poganiza za mkwapulo. Koma agogo anga aakazi akamati "tikukalanga namwali", sankanyamula ndodo. Ankamanga chitenje, n'kukakhala m'tsimba ndi amayi anzawo, kumuphunzitsa mtsikanayo za moyo. Kulanga n'kuwongola. Pa tsinde limenelo pamamera nthambi ziwiri: "chilango", chimene chimabwera munthu atalakwa, ndi "malangizo", amene amabwera asanalakwe. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti tanthauzo la kuphunzitsa ndilo lakale, ndipo la kukhaulitsa lidakula m'masiku a sukulu ndi makhoti, ngakhale anzanga ena amatsutsa. Chimene palibe angatsutse n'chakuti "mlangizi" ndi liwu limene mlimi aliyense amalidziwa. Mlangizi wa zaulimi amafika mvula isanagwe, kudzanena za mizere ndi mbewu. Akafika chimanga chitauma kale, ndiye kuti wabwera kudzapepesa maliro. Loya wa pa koleji alinso chimodzimodzi. Akuluakulu a koleji amene amamuitana atachotsa kale munthu ntchito ndi asafunsa aja amene adadya phula.

"Phungu" wanuyo, mayi, ndikumvetsa chifukwa chake mtima wanu ukumukonda. Pa chinamwali, phungu ndi amene amakhala pambali pa namwali, kumugwira dzanja, pamene namkungwi akutsogolera mwambo wonse. Liwu lokoma zedi. Tsoka lake n'lakuti lidalandidwa kale kawiri. Andale adalitenga, kotero "phungu wa zamalamulo" angamveke ngati phungu wa Nyumba ya Malamulo, amene anthu amakamupempha mabokosi a maliro ndi mijigo. Achipatala nawo adatenga "uphungu", ndipo munthu akamva kuti pali ofesi ya uphungu amaganiza zoyezetsa magazi. Komanso phungu wa pa chinamwali ndi wa namwali, amamuteteza. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Zaka zingapo zapitazo, ndikugwira ntchito pafupi ndi koleji ina, ndidapeza bambo wachikulire atakhala pa benchi ya pakhonde, chipewa chili pabondo, m'manja muli jumbo ya shuga yopindamo kalata. Mwana wawo adali atachotsedwa sukulu. Pachipata wina adawauza kuti, "Pitani mukaonane ndi loya wa sukulu." Iwo adamva kuti loya wa sukulu ndi loya wa ana a sukulu. Adagulitsa nkhuku ziwiri kuti apeze thiransipoti. Ataloledwa kulowa, adatsanula zonse: zimene mwana adachita, zimene adabisa kukomiti, ngakhale zimene sadafunsidwe. Atatuluka, ndidawawerengera kalatayo mawu ndi mawu, n'kuwafotokozera kuti munthu amene amayankhula naye uja ndi wa mbali inayo. Adangoyang'ana pansi, n'kunena kuti, "Ndimayesa ndi nkhoswe yathu." Mpaka lero mawu amenewo sandichoka.

Bamboyo adagwiritsa ntchito liwu lolondola pa chimene ankafuna. Nkhoswe ili ndi mbali. Pa ukwati pali nkhoswe ya kuchimuna ndi ya kuchikazi, ndipo palibe amene amasokoneza ziwirizi. Kaliwu kakang'ono ka "wa" n'kamene kamatipusitsa pa maina atsopanowa. "Loya wa sukulu" sakutiuza kuti sukuluyo ndani: ana, aphunzitsi, kapena akuluakulu? Yankho n'lakuti iye ndi wa kolejiyo monga bungwe, loyendetsedwa ndi khonsolo. Si wa wophunzira, si wa mphunzitsi, ndipo si wa mkulu wa yunivesite pa nkhani za kunyumba kwake. Akayesa kusangalatsa mbali ziwiri, mapanga awiri amuvumbwitsa.

Amene mudali ku Zomba mu 2011 mukukumbukira. Mu February chaka chimenecho mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga chifukwa cha zimene adanena m'kalasi, aphunzitsi a ku Chancellor College n'kunyanyala ntchito pomenyera ufulu wa kaphunzitsidwe. Khonsolo idachotsa aphunzitsi anayi, kuphatikizapo Jessie Kabwila ndi Garton Kamchedzera, amene adali mphunzitsi wa zamalamulo pomwepo. Miyezi idatha anthu akukankhana ndi ziletso za kukhoti, mpaka anayiwo adabwezeredwa ntchito chakumapeto kwa chakacho. Mpanda umodzi, koleji imodzi, koma khonsolo idali ndi maloya ake, aphunzitsi adalinso ndi awo. Aliyense amene akadati "loya wa yunivesite" nthawi imeneyo akadafunsidwa kuti, wa mbali iti?

Tsono liwu loti "loya" lokha, kodi ndikulithamangitsa? Ayi. Lidalowa kale m'mudzi, lidamanga nyumba, lidabereka ndi ana. Timati "maloya" monga timanenera "madokotala" ndi "manesi", ndipo "uloya" aliyense amaumva. Chimene chimandiwawa ndi kusokoneza "aloya" ndi "maloya". "Aloya abwera" ndi munthu mmodzi amene tikumulemekeza. "Maloya abwera" ndi gulu. Atolankhani ena achinyamata amalemba "aloya asanu", ndipo khutu langa limakana. Chimandiwawanso kuona mawu oti legal counsel atangoponyedwa osaphika pakati pa chiganizo cha Chichewa, ngati kuti chiyankhulo chimene chakhala chikuweruza milandu ya malire, ya chigololo ndi ya ufumu pansi pa mitengo ya kachere chilibe mawu a zamalamulo. Pocheza nenani "loya wa koleji" mmene mufunira, sindikuletsani.

Koma pa kabuku kanu, mayi, lembani "mlangizi wa koleji pa zamalamulo". Onani pamene ndaika "wa koleji": pafupi ndi "mlangizi", kuti mwini wake adziwike msanga. Mukalemba "mlangizi wa zamalamulo pa koleji", mwangonena kumene amakhala, ndipo kholo lingaganize kuti amalangiza aliyense wolowa pachipata, monga mlangizi wa zaulimi amachitira ndi mudzi wonse. Pansi pa dzinalo onjezani chiganizo chimodzi, ngakhale Chingerezi chimene mukumasuliracho chilibe, ndipo mwini kabukuyo mumuuze chifukwa chake: "Ofesi iyi imalangiza ndi kuimira koleji, wophunzira kapena kholo lofuna womuimira lipeze loya wake, kapena lipite ku Legal Aid Bureau." Bungwe limenelo ndilo boma lidakhazikitsa kuti lithandize amene alibe ndalama zolipirira loya, ndipo bambo a pa benchi aja akadayenera kulozeredwa kumeneko asanagulitse nkhuku zawo.