Adokotala akuchoka, nanga fayilo yanga?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti adokotala amene akhala akuwaona pa kliniki ina ya pulaiveti, pa BP ndi ma ARV omwe, akusiya ntchito mwezi wamawa. Akufunsa ngati dokotala amaloledwa kungochoka chonchi, komanso ngati iwo angatenge fayilo yawo n'kupita kwina.

Mayi, kuchoka amaloledwa, palibe angawakanize. Chosayenera ndi kusiya wodwala m'malere ali pakati pa chithandizo. Ayenera kukuuzani nthawi ikadalipo, kukusiyani m'manja mwa mnzawo, ndi kulemba momveka zimene akhala akukupatsani. Akangozemba, kokadandaula ndi ku Medical Council of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Ndilo limalembetsa madokotala ndi ma clinical officer, ndipo ziphaso za zipatala za pulaiveti zimachokera komweko.

Fayilo nthawi zambiri imatsala pa kliniki. Musalimbane nawo za chikuto chakecho. Pemphani kalata yofotokoza matenda anu, mankhwala, mlingo wake ndi zotsatira za magazi. Buku lanu la kuchipatala lija ndi lanu, ndipo muwaumirize alembemo asanapite. Ambiri timangolitulutsa tikapita ku chipatala cha boma, ku pulaiveti n'kumalisiya m'chikwama, mapeto ake zaka zingapo za chithandizo sizioneka paliponse.

Pa ma ARV ndiye mumvetsetse. Musangotulukira ku chipatala china n'kukayezetsa ngati munthu watsopano, monga ena amachitira poopa mafunso. Pitani kumene mumalandira, muwauze kuti mukusamuka, akupangireni transifa. Pepalalo limasonyeza nambala yanu, tsiku limene munayamba, mtundu wa mankhwala (ambiri pano ali pa mtundu wotchedwa 13A) ndi viral load yomaliza, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Popanda zimenezi, wokulandiraniyo sangadziwe ngati munasinthidwapo mankhwala chifukwa ena anakukanani. Kumbuyoku nako, miyezi iwiri ikadutsa mankhwala atatha inu osaoneka, amakulembani m'gulu la osiya mankhwala, ndipo amakufunafunani pa foni kapena kumudzi.

Mankhwala akakutherani transifa isanatheke, chipatala chilichonse chopereka ma ARV chikhoza kukupatsani a mwezi umodzi mukaonetsa buku lanu. A BP alibe dongosolo lotere, choncho pemphani adokotalawo akulembereni okwanira kufikira tsiku lokaonana ndi watsopanoyo.