Dimba la makolo ndi gombe la mtsinje

Mnyamata wina wa ku Zomba wandilembera mokwiya. Akuti alangizi a zaulimi awauza kuti asiye kulima mpaka pagombe penipeni pa mtsinje wa Likangala, chonsecho dimbalo anawasiyira ndi agogo ake. Akufunsa ngati boma lili ndi mphamvu pa dothi la makolo.

Mdzukulu wanga, tsitsa mtima kaye. Lamulo la madzi la 2013 limaika madzi onse a m'dziko muno m'manja mwa boma, kuti liziwasamalira m'malo mwa tonsefe. Koma usanatukwane boma, kafunse amalume ako ngati agogo akowo ankalima mpaka pamadzi. Ine ndinakula gombe lili la bango, nsenjere, mikuyu ndi katope. Wodula mkuyu wa padooko ankapereka nkhuku kwa mfumu. Ife ana ankatiopseza kuti m'bangomo muli njoka ya mizimu, ndipo tinkathawadi, osadziwa kuti akuluakulu akuteteza mizu yogwira dothi. Alangiziwo akungobwereza mwambo umene tinautaya tokha, minda itayamba kuchepa.

Dothi limene khasu lako limagumula limatsika ndi Likangala mpaka ku nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya kale. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, anthu n'kumayenda pansi pamene pankadutsa mabwato, matemba osaoneka pamsika. Chachikulu chinali chilala, inde, koma matope athu sathandiza. Chilwa inalembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, choncho maso ambiri ali pamenepo. Za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindikuuza, unaona wekha mmene madzi amadyera gombe lopanda kanthu.

Sindikunena kuti lamuloli siliwawa. Pa njala ya 2002 ambiri tinapulumukira chimanga chachiwisi ndi maungu a m'dimba. Wolandira malipiro pakutha pa mwezi savutika kunena kuti "bwererani m'mbuyo", koma kwa mayi wamasiye wa kadimba ka mizere makumi awiri, mizere isanu ndi ndiwo za mwezi wathunthu. Zimenezi uzinene, koma pabwalo, mwaulemu, osati kukalalatira alangizi panjira.

Pita ndi amalume ako kwa anyakwawa, poti dimba la pamtundu sulilankhulira wekha. Pemphani alangiziwo abwere adzayeze pamaso pa mudzi wonse malire osiya, kuti wina asabwezedwe pamene mnzake wa tsidya lina akulimabe mpaka pamadzi. Pamalo posiyidwapo dzalani vetiva ndi nsenjere, bango mulilole limere. Nsenjere udzadyetsa mbuzi, bango udzasoka mphasa n'kugulitsa. Chitsime chothirira ukumbe chakumtunda, m'dimba mwakomo.

Mbande za katope uzipeze mvula yoyamba isanagwe. Ukadzala, uzitchingire ndi minga, mbuzi za m'mudzi sizisiya kanthu.