Multi-tool ya batire kapena ya chingwe? Yankho kwa wophunzira ukalipentala

Mnyamata wina amene akumaliza ukalipentala pa koleji ya ntchito zamanja wandilembera ali ndi nkhawa. Mkulu wake wa ku Johannesburg walonjeza kumugulira chida chimodzi chokha, ndipo iye mtima uli pa multi-tool, kamakina konjenjemera kaja amakaona pa YouTube. Atenge ya batire kapena ya chingwe? Bambo ake akuti atenge yodula kwambiri, anthu aone kuti sukulu sinapite pachabe. Makalata otere amachuluka maphunziro akamatha.

Mphwanga, tenga ya chingwe.

Uyambe wamvetsa ntchito ya chidachi. Mpeni wake suzungulira ngati wa sowo yamagetsi. Umangogwedera uku ndi uku madigiri atatu kapena anayi, mpaka maulendo 20,000 pa mphindi imodzi. Kampani ya Fein ya ku Germany inayamba ndi makina odulira pulasitala wa kuchipatala mu 1967, ndipo a amisiri anachokera pamenepo. Ndi chida cha pothina: kudula m'munsi mwa felemu ya chitseko kuti tailosi ilowe, kuboola siling'i poika soketi, kupala simenti ya pakati pa matailosi, kudula msomali wobisika kuseri kwa thabwa. Ntchito zoterezi zimapezeka m'nyumba zokhalamo kale anthu, momwe soketi ili pafupi.

Ya chingwe imadya mawati 250 mpaka 350, ndipo mphamvu yake sitsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tawerengera wekha za batire. La 18V ndi 2Ah limasunga ma watt-hour 36, kutanthauza mawati 36 kwa ola limodzi. Makina akamakoka mawati 200 pa thabwa louma la mlombwa, mphindi 11 sizikwana, latha. Ndiye ufunika lachiwiri, kapena lalikulu la 5Ah, kuphatikizapo tchaja. Mabatirewo amafooka pakapita zaka, ndiponso la Makita sililowa pa DeWalt kapena pa Bosch. Ukagula limodzi wadzimangirira ku kampani imeneyo usanadziwe n'komwe ntchito zimene uzidzapeza.

Ndikudziwa uti nanga ESCOM ikathimitsa? Zoona, pamenepo ya batire imapambana, komanso ukakwera pa makwerero chingwe chimasowetsa mtendere. Koma tchaja nayo imadikira magetsi omwewo, pomwe mawati 300 ngakhale kajenereta kakang'ono kamakwanitsa. Ya batire udzagule ukadzakhala ndi drill ya batire, kuti zizidzabwerekana mabatire.

Ndalama yotsalayo mkulu wako agulire mipeni yambiri, chifukwa ndi imene imatha msanga. Wa matabwa ukakumana ndi msomali mano amathera pomwepo, choncho pakhale ya bi-metal, yodula thabwa ndi msomali womwe, ndi ya carbide, yolimba kwambiri, ya pa simenti. Aonetsetsenso mmene mipeniyo imamangidwira. Makina a Starlock, njira yomangira mipeni imene Bosch ndi Fein anabweretsa mu 2016, salandira mipeni wamba, ndiye afunse asanalipire. Za magetsi usadandaule, South Africa ndi ife tonse ndi 230V, ungosintha pulagi. Koma za ku America za 120V usayerekeze.

Inu bambo, ndikupempheni: musamuikire mwana mtolo wa maso a anthu. Amene adzamupatse ntchito adzayang'ana ngati chitseko chikutsekeka bwino, sadzafunsa mtengo wa makina. Ngati mukufuna kumuthandiza, mulipirireni mayeso ake a TEVETA ndi thiransipoti yopitira kwa mmisiri amene angamusule.

Iwenso mphwanga, zimandikwiyitsa kuona achinyamata akuthera usiku pa mavidiyo a zida pomwe tchizulo sadziwa kunola. Multi-tool sidzakubweretsera makasitomala, ndipo sungakhome nayo denga kapena kupanga kabati. Ngati ulibe drill, sowo yabwino, sikweya ndi levulo, muuze mkulu wako ayambire pamenepo, multi-tool idikire. Ngati zimenezo uli nazo kale, chabwino, funso lako likusonyeza kuti umaganiza usanagule. Tenga ya chingwe, uyeserere pa zidutswa za matabwa usanakhudze felemu ya munthu, ndipo popala simenti uzivala zoteteza maso, makutu ndi mphuno.