Kodi ndege imateradi ku St Helena, kapena ndi zija za pa YouTube?

Achemwali ena omwe ndi nesi ndipo akukhala ku Joni anditumizira imelo, ndaifupikitsa koma mfundo yake ndi iyi: "Ndaona ntchito ya unesi pa chilumba cha St Helena, kontirakiti ya zaka ziwiri, malipiro ndi mapaundi ndipo mtima wanga wapita kale. Koma bambo akunyumba apeza vidiyo pa YouTube ndege ikuvina m'mwamba kukanika kutera, akuti bwalo la ndege la kumeneko ndi lachabechabe kuposa onse padziko. Zinayamba bwanji zimenezi, ndipo ndege zimapitadi? Nanga kumudzi kukagwa zovuta ndingabwere msanga?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndege zimapita, sabata ndi sabata, ndipo alamu angawo muwauze mtima ukhale m'malo chifukwa chitsegulireni bwaloli sipanachitikepo ngozi yopha anthu. Koma funso lanu lomalizalo ndi limene lili ndi mano, kubwera msanga, ndiye ndiloleni ndiyambire kutali pang'ono kuti mumvetse chifukwa chake yankho lake silokoma.

St Helena ndi kachilumba ka Angerezi pakati penipeni pa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Angola ndi Namibia, anthu ake ndi 4,000 ndi kanthu basi. Kutalika kwakeko ndi kumene kunapangitsa kuti Angerezi azitayako anthu owavuta. Napoleon anamusiya kumeneko mu 1815 mpaka anafera komweko mu 1821, mfumu ya Azulu Dinuzulu anaikhazika kumeneko kuyambira 1890 mpaka 1897, ndipo pa nkhondo ya Mabunu akaidi pafupifupi 6,000 anawatsekera pa chilumba chomwechi. Palibe mpanda umene unkafunika, nyanja yokha inali yokwana.

Bwalo la ndege lisanamangidwe njira inali imodzi yokha, sitima yapamadzi yotchedwa RMS St Helena. Inkanyamuka ku Cape Town n'kuyenda masiku asanu, ndipo inkanyamula chilichonse, anthu, makalata, mankhwala, simenti, magalimoto, mowa, odwala otumizidwa kuchipatala chachikulu. Amene anakhalapo pa Likoma masiku amene Ilala ili kokonzedwa akudziwa mmene zimakhalira moyo wonse ukamadalira sitima imodzi, kungoti uku kulibe boti lina loti mungadumphire. Mu November 1999 sitimayi, ikuchokera ku Britain, inawonongeka injini kufupi ndi France n'kukaima padoko la Brest ili ndi katundu wa Khirisimasi wa chilumba chonse, anthu n'kumangoyang'ana kunyanja. Ndiye mu 2002 atafunsidwa pa voti, oposa 70 pa 100 alionse anati tikufuna bwalo la ndege.

Maganizo ake anali akale ndithu, asilikali a ndege a ku South Africa anayezapo malo mu 1943 koma zinathera pomwepo. Boma la Britain linalengeza mu 2005 kuti limanga, kenako December 2008 chuma cha dziko lonse chitagwedezeka anati tayambani mwadikira, boma latsopano la 2010 ndi limene linadzutsanso nkhaniyi, ndipo November 2011 anasainirana ndi kampani ya ku South Africa ya Basil Read. Cholinga cha ku London sichinali chifundo chokha ayi. Chaka ndi chaka ankathira ndalama zothandizira bajeti ya chilumbachi kuphatikizapo kuyendetsa sitima ija yomwe inali itakalamba, ndiye anawerengera kuti ndege zikayamba alendo adzachuluka mpaka kuyandikira 30,000 pachaka m'tsogolo, chilumba chidzaima pachokha, iwo n'kupuma.

Vuto n'lakuti chilumbachi ndi mapiri ndi zigwa zokhazokha, chinabadwa ndi kuphulika kwa phiri la moto, malo osalalako ndi ochepa, omwe anasankha ndi Prosperous Bay Plain cha kum'mawa, ndipo nawonso sankakwana. Kuti msewu woterapo ndege ufike mamita 1,950 anachita kukwirira chigwa chotchedwa Dry Gut ndi miyala yoposa ma cubic metre 7 miliyoni, kuphwanya matanthwe ndi mabomba n'kumathira, kuthira, mpaka chigwa chakuya mamita pafupifupi 100 chinadzaza. Makina onse anabwera pa sitima kuchokera ku Walvis Bay ku Namibia, ndipo poti kunalibe doko loti sitima yotere n'kukocheza anayamba amanga kaye pokochezera ku Rupert's Bay, kenako msewu wa makilomita 14 wokwera phiri kukafika pamalo a ntchito. Zonse pamodzi zinadya pafupifupi £285 miliyoni ya anthu okhoma msonkho ku Britain.

Pali chinthu china chimene mavidiyo aja satchula ndipo ine chimandikhudza kuposa za mphepozo. Pokonzekera msewu umene uja mu 2008, akatswiri ofukula zakale anafukula mafupa a anthu 325 m'chigwa cha Rupert's. Anali Aafirika anzathu omwe asilikali apamadzi a Britain anawalanda m'sitima za akapolo kuyambira 1840, anthu oposa 25,000 anatsitsidwa pa chilumbachi ndipo pafupifupi 8,000 anafera pomwepo ndi matenda ndi kufooka, ambiri ana ndi achinyamata. Mafupa 325 aja anakhala m'mabokosi m'chipinda chosungira katundu ku Jamestown, likulu la chilumbachi, zaka 14, bwalo la ndege linamangidwa n'kutha iwo ali m'mabokosi momwemo, anadzaikidwanso m'manda mu August 2022. Mukapita mukafikeko ku mandako.

Tsopano vidiyo ya alamu anga. Ndikukhulupirira ndi ya pa 18 April 2016. Ndege yoyamba yeniyeni kutera inali kandege kakang'ono ka King Air mu September 2015 kodzayesa zipangizo, koma tsiku la April limenelo ndi pamene kunabwera chindege chomwe chinkayenera kumanyamula anthu, Boeing 737-800 ya kampani ya Comair yopakidwa mitundu ya British Airways. Ulendo woyamba anangodutsa dala kuti aone malo, wachiwiri atatsala pang'ono kugunda pansi ndege inapendama mapiko uku ndi uku woyendetsa n'kuikokeranso m'mwamba, inadzatera kachitatu. Chimene anakumana nacho akadaulo amati wind shear, mphepo yosintha liwiro ndi kolowera mwadzidzidzi pa kamtunda kakafupi. Bwaloli lili pamwamba pa phompho la mamita pafupifupi 300 kuchokera panyanja, ndipo chakumpoto kwake kuli matanthwe akuluakulu, King and Queen Rocks. Mphepo ya kumeneko imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa pafupifupi chaka chonse, ikagunda matanthwewo imabwerera ikuzungulira, ndendende pamalo amene ndege yochokera kumpoto imakhala yatsika kwambiri ndipo yachepetsa liwiro. Mwambo wotsegulira umene unakonzedwa May 2016, Prince Edward wa banja lachifumu la Britain ataitanidwa kale, unalephereka. Aphungu a komiti yoona za ndalama za boma ku London anakalipa koopsa kuti zinatheka bwanji kumanga osayeza mphepo mokwanira, ena mpaka kukumbutsa kuti Charles Darwin atafika pa chilumbachi mu 1836 analemba kale za mphepo yachilendo ya m'maphompho amenewo, ndipo manyuzipepala a ku Britain ndi amene anapereka dzina lija lakuti bwalo lachabechabe kuposa onse.

Apa ndiye pamene ine ndimasiyana nawo. Kwa munthu wa ku London amene analonjezedwa alendo 30,000 n'kuona £285 miliyoni itapita, inde ali ndi chifukwa cholira, ndipo kulephera kuyeza mphepo kunali kusasamala kwenikweni. Koma inu ndinu nesi, ganizirani izi: mu June 2016, miyezi yomwe ankalinyoza ija, kandege ka ambulansi kanatera n'kunyamula khanda lodwala kupita nalo ku Cape Town. Kale khanda limenelo likanadikira sitima, mwina masabata, kenako masiku asanu panyanja. Mpaka lero odwala omwe chipatala cha ku Jamestown sichingawathe amapita ku South Africa pa ndege, ndipo mwina mudzakhala inuyo wowakonzekeretsa.

Njira yothetsera inapezeka posintha ndege, osati mphepo. Kuterera kuchokera kum'mwera kulibe chipwirikiti chija koma mphepo imakhala ikukankha kumbuyo, ndiye pamafunika ndege yocheperako yotha kuima msanga. Anayesa Embraer E190 chakumapeto kwa 2016 ndipo inachita bwino, n'chifukwa chake kontirakiti inapita kwa Airlink ya ku South Africa, yomweyi imabweranso ku Lilongwe ndi Blantyre. Ulendo woyamba wa pandandanda unali pa 14 October 2017, ndipo sitima ija anaitsanzika February 2018, katundu wolemera tsopano amabwera pa sitima ya katundu yokha. Comair yomwe inkayenera kutenga njirayi sinayambe n'komwe, ndipo inatsekedwa mu 2022.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Ndege imanyamuka pa bwalo la OR Tambo ku Joni Loweruka m'mawa, imaima ku Walvis Bay kuthira mafuta, poyamba inkaima ku Windhoek, ndipo ulendo wonse ndi maola pafupifupi 6. Mukafika mubweze wotchi maola awiri. Kuima kothira mafutako si kungofuna, bwalo lina lapafupi ndi la pa chilumba cha Ascension makilomita 1,300 kumpoto chakumadzulo, ndiye ndege iyenera kufika ili ndi mafuta okwanira kuzungulira m'mwamba kudikira nyengo kapena kubwerera kumtunda ikalephera. Mafuta ambiri ndiye kuti anthu ndi katundu achepe, ndegeyi ili ndi mipando 98 koma si yonse imene amagulitsa, ndipo pamenepo mwaona kale chifukwa chake tikiti imaluma, mu 2017 yotsikitsitsa yopita ndi kubwera inali kupitirira £800. Kamodzi pamwezi ndegeyo imapitirira ku Ascension komwe anthu ambiri a pa St Helena amagwira ntchito, ndipo nthawi ya dzinja kwathu kuno, December mpaka March, amawonjezera ulendo wa pakati pa sabata, zaka zina wochokera ku Cape Town. Kampani ndi imodzi yomweyo, palibe zoti ndikaona kwina kotchipa. Nthawi ya Covid ngakhale imeneyo inasiya, chilumba chinkadalira ndege zochita hayala za Titan Airways kuchokera ku London kudzera ku Accra, ofika ankakabindikiritsidwa ku Bradley's Camp komwe kunkagona omanga bwalo aja, Airlink inadzabwereranso March 2022.

Ndiye za kumudzi kukagwa zovuta, achemwali ndisakunamizeni. Uthenga wa maliro ukakupezani Lamlungu, ndege yotsatira ndi Loweruka, ngati muli mpando. Mufike ku Joni usiku, mugone, mawa lake mukwere ya ku Lilongwe kapena Chileka, kenako basi yopita kumudzi, ndipo mukudziwa kwathu sitisunga maliro sabata yathunthu pokhapokha abale atagwirizana zolipira mochale. Izi ndi pamene zonse zayenda bwino. Chimene chimalepheretsa maulendo masiku ano nthawi zambiri si kuvina kuja ayi, ndi mitambo yotsika ndi nkhungu yomwe imaphimba bwalo poti lili pamwamba, oyendetsa akaona lipoti la nyengo silili bwino sanyamuka n'komwe ku Joni, amati tiyesa mawa, mawa n'kukhala mkuja. Zimachitika ndithu ndege kufika mpaka pamwamba pa chilumba, anthu akuiona kapena kuimva, n'kutembenuka kubwerera ku Namibia. Kusamala kumeneko ndi kumene kukupangitsa kuti kusachitike ngozi, koma ndi komwenso kungakusowetseni pa maliro kapena pa ukwati wa mng'ono wanu. Ngati muli ndi mayi kapena bambo odwalika kumudzi, nkhani iyi mukhale nayo pansi ndi abale musanasaine chilichonse, osati ya YouTube ija.

Pokambirana ndi olemba ntchitowo funsani molimba mtima kuti tikiti ya tchuthi alipira ndani, kangati pa kontirakiti yonse, ndipo ikuthera ku Johannesburg kapena mpaka ku Malawi, chifukwa kusiyana kwake ndi ndalama zambiri. Funsaninso za inshuwalansi yolipira ndege ya ambulansi, alendo salowa pa chilumbachi opanda imeneyo, ndiye dziwani ngati alamu ndi ana ali momwemo akadzabwera kudzakuonani. Pogula tikiti yolumikiza ku Joni musapanikize masiku, siyani tsiku limodzi kapena awiri pakati ndipo tengani yosinthika ngakhale ikwere mtengo pang'ono. Mankhwala anu, mapepala a ntchito ndi zovala za masiku atatu zikhale m'chikwama cham'manja, chifukwa ndege ikalemera ndi mafuta masutikesi ena amatha kutsala, ndipo akatsala ndiye kuti mudikira ndege yotsatira.